Yankho kwa achemwali pa nkhani ya mneneri wa asilikali

Eee, achemwali, mwaswera bwanji kumeneko ku Bawi? Uthenga wanu ndaumva. Mukuti pa Facebook anthu akulemba kuti kampu ina ku Congo yaukiridwa, mnyamata wathu foni yake sikupezeka chiyambire Lachiwiri, koma akuluakulu a asilikali ali duu. Ndiye mwafunsa kuti kodi mneneri wawo uja amalandirira chiyani malipiro, si kutibisira basi? Ndiyankhira pagulu pompano kuti ana awa amene amangotumiza chilichonse amve nawo.

Poyamba mtima m'malo. Foni kuzima si uthenga wa maliro ayi. Anyamata akamatuluka mu kampu kupita kutchire amawalamula kuzimitsa mafoni, pena kuwasiya kumene. Foni ija imaulula pamene munthu ali, ngakhale iye asanene kanthu. Usiku wolowera chaka cha 2023, a Ukraine anaphulitsa nyumba imene munali asilikali a Russia ku Makiivka. Boma la Russia linavomera kuti anafa 89, ndipo linanena lokha kuti chinawagulitsa ndi mafoni amene anyamatawo ankagwiritsa ntchito mosemphana ndi lamulo. Ndiye mwana akazimitsa foni, mwina akungomvera bwana wake.

Tsopano za mneneri. Ine nthawi imene ndinali m'yunifolomu ndinkamuona ngati munthu wongokhala mu ofesi, nsapato zopolisha, ife tikuviika m'matope. Koma ntchito ija ndi yolemera, achemwali. Iye akatsegula pakamwa, akumva si inu nokha ku Bawi. Mdani nayenso watchera khutu. Akangonena kuti anyamata athu ali pamalo akuti, alipo mwakuti, mawa asamukira kwakuti, ndiye kuti wawapereka. N'chifukwa chake mawu ake amamveka ouma, ngati akuwerenga kalata ya kwa DC. Asananene chilichonse amayenera kudikira lipoti lichoke kwa mkulu wa gulu limene lili kunkhondoko, lifike ku likulu, alitsimikize. Ku Congo kuja anyamata athu amagwiranso pansi pa United Nations, ndiye nawonso a kumeneko amakhala ndi mawu awo, sangatsutsane.

Ndipo pali mwambo umodzi umene ndikufuna muugwire bwino. Msilikali akavulala kwambiri kapena akatisiya, oyamba kumva amayenera kukhala abale ake, amene iye mwini analemba pa fomu. Dzina silituluka pa wailesi banja lisanauzidwe. Inu mungakonde kumva za mwana wanu kwa munthu wogulitsa tomato pa Kampepuza, ataziona pa foni? Kuchedwa kwina kumene mukukudandaulako n'kumene kumateteza inuyo.

Komanso si zoona kuti amabisa zonse. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali 6 kufupi ndi Beni, polimbana ndi zigawenga za ADF, ndipo zinalengezedwa. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, uja anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Mu 2019 a United Nations anamupatsa mendulo yapamwamba ya kulimba mtima, banja lake linakalandira ku New York. Nkhani imeneyo dziko linaidziwa chifukwa panali anthu amene ntchito yawo ndi kuilemba ndi kuiuza atolankhani. Mu Januwale 2025 tinatayanso atatu polimbana ndi zigawenga za M23 kufupi ndi Goma, amenewo anali pansi pa SADC, nazonso zinanenedwa, ndipo mwezi wotsatira a Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawi imeneyo, analamula kuti gulu limenelo liyambe kukonzeka kubwerera.

Koma musaone ngati ndikuwaikira kumbuyo pa zonse. Pali kukhala chete kumene kumawononga, ndipo ife a ku Ntcheu tinakulawa. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali inanyamuka m'mawa ku Lilongwe kupita ku Mzuzu itanyamula a Chilima ndi anzawo, n'kusowa. Inapezeka tsiku lotsatira ku Chikangawa, onse 9 atapita. Mukukumbukira mmene tinakhalira tsiku lija? Aliyense foni m'manja, uyu akuti yatera kwakuti, uyu akuti ayi aiona kwakuti. Pofika nthawi imene akuluakulu ankalankhula, munthu aliyense anali ataumba kale nkhani yake mumtima. Tinawaika ku Nsipe, kunabwera akatswiri a ku Germany, kunakhala komishoni yofufuza, koma mpaka lero mukakwera minibasi pa boma pano mumva anthu akutsutsanabe. Ine maganizo anga ndi akuti pa zinthu zotere mneneri azituluka msanga, ngakhale ali ndi zochepa. Anene kuti chimene tatsimikiza ndi ichi, chimene tikufufuzabe ndi ichi, tidzalankhulanso 6 koloko. Ndipo 6 koloko ikakwana atulukedi. Munthu amapirira ngati wauzidwa nthawi yodikira. Koma mukamusiya mumdima amakamvera kwa aliyense amene wayamba kuyankhula.

Chinanso, mneneri wabwino sanama. Akhoza kukana kuyankha, koma asaname, chifukwa akagwidwa kamodzi basi, mawa ngakhale anene zoona palibe womukhulupirira. Zopusitsa mdani ziliko kunkhondo, koma imeneyo ndi ntchito ya anthu ena, siyenera kudutsa pakamwa pa amene amalankhula ndi makolo a asilikali.

Ndiye kuli mbali ina imene ife kuno sitiiganizira, ya anthu a ku Congo eni ake. Msilikali wathu akuyenda m'midzi ya eni, chilankhulo chake n'china. Anthu aja akamva mphekesera yakuti asilikali akunjawa akudya limodzi ndi zigawenga, mawa amugenda kapena kumubisira kumene mdani wabisala. Mu Julayi 2022 anthu ku Goma ndi ku Butembo anaukira makampu a United Nations, anafa anthu wamba komanso ogwira ntchito a bungwelo. Mwezi wotsatira boma la Congo linathamangitsa mneneri wa MONUSCO, gulu la United Nations losungitsa mtendere ku Congoko, Mathias Gillmann, chifukwa cha zimene ananena zokhudza mphamvu za M23. Taonani, munthu sanagwire mfuti, pakamwa pokha. Podziwa mphamvu ya mawu, a United Nations anatsegula wailesi yawo kumeneko, Radio Okapi, mu 2002, yolankhula Chiswahili, Lingala ndi zilankhulo zina za kumeneko. Anali ataona za ku Rwanda mu 1994, kumene wailesi ya RTLM inkatchula anthu mayina kuti akaphedwe. A M23 nawonso ali ndi aneneri awo, amaponya zithunzi ndi mavidiyo pa intaneti tsiku ndi tsiku, cholinga n'chakuti mayi ngati inu agwe mphwayi, ayambe kulira kuti ana athu abwerere. Zina mwa zimene zikuzungulira pa mafoni zimachokera komweko, zina ndi zithunzi zakale za nkhondo ina azimata mawu atsopano.

Ndiye ana inu, ndikunena ndi inu tsopano. Chithunzi chimene mbale wanu anatumiza ali pa kampu, kumbuyo kukuoneka phiri ndi magalimoto, wina anachiika pa status. Chichotseni lero lomwe. Akakuuzani kuti sabata yamawa tisamuka, zithere m'makutu mwanu, osakazinena ku kwaya. Ndipo uthenga wopanda mwini uja wa kampu youkiridwa musautumizenso kwa amayi anu usiku, mukuwakwezera BP chabe.

Achemwali, inu chitani chonchi. Ku bataliyoni yake kuno kumudzi kumatsala akuluakulu amene amalumikizana ndi amene ali kunja. Funsani mpongozi wanu, nambala yawo ayenera kuti ali nayo, poti pa fomu paja analembapo ndi iyeyo. Ayimbe mawa m'mawa, atchule nambala ya usilikali ya mwamuna wake, amuuza zimene angathe kumuuza. Akakanika kuwapeza mundiuze, ndiyesa anzanga amene tinapuma nawo limodzi. Alamu muwapatse moni, muwauze asiye kumvera za pa bawo.