Mafunso Anu: Ndani ayenera kuona buku la ndalama za bungwe la eni nyumba?

Makalata a mwezi uno achokera ku Mangochi, komwe anthu opuma pa ntchito amagula mapuloti moyandikana m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, n'kupanga timabungwe toyang'anira madzi, mlonda ndi kamsewu kolowera kunyumba zawo. Mayina a olemba tawasunga.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala cha ku Namiasi. Pamalo pathu pali nyumba 36 ndipo iliyonse imapereka K15,000 pamwezi. Ndalama timatumiza pa foni ya a msungichuma. Patha zaka ziwiri osamva lipoti. Nditafunsa pamsonkhano, a tcheyamani, omwe anali bwana wamkulu pantchito, anangoti, "Aphunzitsi, kodi mukutiyesa akuba?" Aliyense anaweramitsa mutu. Nditani?

YANKHO: Aphunzitsi, yambani ndi masamu, poti masamu sakwiya. Ngati nyumba zonse zikupereka, pamwezi pakulowa K540,000, pachaka K6,480,000, ndipo pa zaka ziwiri ndi pafupifupi K13 miliyoni. Ndalama yotere siyenera kugona pa nambala ya munthu mmodzi, kaya munthuyo ndi shehe kaya mkulu wa mpingo. Nkhani si kuba kokha ayi. Pa nambala imodzimodziyo pamalowanso penshoni yawo ndi zomwe ana awo atumiza, pamatulukanso za mayunitsi a magetsi ndi za ndiwo. Pakatha miyezi itatu, ngakhale munthu wolungama sangathe kusiyanitsa ya bungwe ndi yake. Foni ikabedwa, kapena mwini wake akatisiya mwadzidzidzi, ndalamayo imaoneka ngati chuma cha malemu, ndipo mudzayamba kulimbana ndi anamfedwa.

Choyamba pezani malamulo a bungwe lanu, aja munagwirizana poyamba, ndipo muone zomwe akunena pa lipoti la chuma ndi pa kuitanitsa msonkhano wapadera. Ufulu wanu woona mabuku uli m'menemo. Ena amathamangira ku lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopempha ndi kuona zikalata, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma lamulolo linalembedwa makamaka poganizira maofesi a boma ndi mabungwe ogwiritsa ntchito chuma cha boma. Musadalire limenelo pa nkhani ya pakati pa anansi.

Kenako lembani kalata yopita kwa mlembi, osati kwa a tcheyamani, ndipo musasaine nokha. Pezani eni nyumba asanu kapena asanu ndi mmodzi. Funso la munthu mmodzi limamveka ngati chipongwe, la anthu asanu ndi mmodzi limakhala ntchito ya bungwe. M'kalatamo musatchule mawu oti kuba. Pemphani kuona zinthu zinayi pasanathe masiku 14: buku la malisiti, buku lolembamo zolowa ndi zotuluka, sitetimenti ya ndalama zomwe zinadutsa pa foni kapena ku banki, ndi mndandanda wa nyumba zomwe zili ndi ngongole. Airtel Money ndi Mpamba amapereka sitetimenti mwini nambala akapempha, choncho zoti mauthenga anafufutika si chifukwa.

Mukalandira mapepalawo, ntchito yake ndi ya sitandade 5. Ndalama yomwe inalipo poyamba, kuphatikiza yomwe yalowa, kuchotsa yomwe yatuluka, iyenera kufanana ndi yomwe ilipo lero. Chotuluka chilichonse chikhale ndi lisiti kapena siginecha ya wolandira, kuyambira malipiro a mlonda mpaka thumba la simenti. Pomwe mabuku ambiri amagwera ndi pa ndalama zoperekedwa pamanja panjira, "ndidzakulemberani lisiti mawa," ndi pa timathandizo ta pamaliro tomwe komiti inatapa m'thumba la madzi popanda kulemba.

Mabuku akapezeka osokonekera, musafulumire kupita ku polisi. Nthawi zambiri pamakhala ulesi wa kalembedwe osati umbava. Msonkhano usankhe anthu awiri omwe sali m'komiti kuti alondoloze zonse kuyambira mwezi womaliza womwe lipoti linaperekedwa. Pakati pa anthu opuma sipalephera kupezeka yemwe anagwirapo ntchito ya maakaunti. Zikapezeka kuti ndalama yasowadi, wosungayo asaine pepala lovomera kuchuluka kwake ndi masiku obwezera. Akakana, pamenepo ndiye mupite ku polisi kapena ku khoti la majisitireti muli ndi mapepala m'manja.

Msonkhano womwewo ugamule zotsegula akaunti ya ku banki m'dzina la bungwe. Banki idzafuna malamulo anu, maminitsi a msonkhano womwe unasankha osainira, ndi ziphaso zawo za unzika. Osainira akhale atatu, ndalama izituluka awiri akasaina, ndipo atatuwo asakhale pachibale kapena pachilamu. Kusainiratu cheke chopanda kanthu chifukwa wina akupita ku Blantyre kukaona adokotala kumapha cholinga chonse cha masiginecha awiri. Ngati bungwe lili ndi katundu wake, monga thanki, mjigo kapena malo a geti, lilembetseni ku ofesi ya boma yolembetsa mabungwe ndi makampani, mwina pansi pa Trustees Incorporation Act kapena ngati kampani yosagawana phindu pansi pa Companies Act ya 2013, kuti katunduyo akhale m'dzina la bungwe osati la a tcheyamani.

Zinthu ziwiri musachite. Musasiye kupereka, chifukwa wovutika ndi mlonda, ndipo malamulo a mabungwe ambiri amalanda voti munthu wa ngongole. Musalembenso pa gulu la WhatsApp kuti uje wadya ndalama. Uthenga wotero umasanduka umboni wokutsutsani pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu.

A tcheyamani akadzafunsanso ngati mukuwayesa akuba, ayankheni mwaulemu kuti buku lotseguka limateteza iwowo kuposa wina aliyense.

FUNSO: Ndine mlembi wa bungwe la nyumba 40 kufupi ndi Makawa. Ndikaitana msonkhano pamabwera anthu 7 kapena 8. Tikagamula kanthu, omwe sanabwere ndiwo amayamba kudandaula kuti komiti ikuchita zinthu mobisa. Tatopa.

YANKHO: Kutopa kwanu n'komveka, amlembi, koma anthu akamathawa msonkhano kawirikawiri pamakhala chifukwa chomwe sakukuuzani. Onani kaye tsiku ndi ola. Ku Mangochi Lachisanu masana ndi nthawi ya Juma, Loweruka pali a Sabata, Lamlungu m'mawa ena ali ku tchalitchi. Mwezi wa Ramadhan si woitanira msonkhano wautali, ndipo dzuwa la Okutobala ndi Novembala nthawi ya 2 koloko silikhalika kwa munthu wa BP kapena shuga. Poti ambiri ndi opuma, m'mawa wa pakati pa sabata, 8 koloko, pamthunzi, pali mipando yotsamira, mumapeza anthu ambiri. Msonkhano usapitirire ola limodzi ndi theka.

Chachiwiri ndi kaitanidwe. Uthenga woti "kuli msonkhano, nonse mubwere" suitana munthu. Lembani zomwe zikagamulidwe ndi manambala ake: "Tikavota ngati zopereka zikwere kuchoka pa K15,000 kufika pa K20,000." Ameneyo adzabwera ngakhale ndi ndodo. Kalata ifike masiku 21 msonkhano waukulu wa pachaka usanachitike, pamodzi ndi lipoti la chuma la tsamba limodzi, la zilembo zazikulu. Kugawira lipoti pakhomo polowa n'kufunsa kuti "alipo ali ndi funso?" ndi kubisa komwe, kungoti kwaulemu. Ndipo musadalire WhatsApp yokha: ena ali ndi foni ya mabatani, ena maso anafooka. Pepala lipite khomo ndi khomo, wolandira asaine.

Pamsonkhanopo yankhulani Chichewa, ndipo pakhale womasulira m'Chiyao ngati alipo ofuna. Misonkhano yambiri ya anthu opuma imalandidwa ndi abambo atatu odziwa Chingerezi cha mu ofesi, amayi n'kumangoyang'ana pansi. Pa zisankho ndi pa nkhani za ndalama votani pa timapepala. Palibe amene angakweze dzanja kutsutsa yemwe anali bwana wake zaka 20, kapena yemwe anamunyamula pa galimoto usiku kupita naye kuchipatala.

Eni nyumba ena ali ku Lilongwe, ena ndi ana omwe ali ku Johannesburg ndipo anamangira makolo. Aloleni kutuma munthu wowavotera ndi kalata yosainidwa, koma munthu mmodzi asanyamule makalata oposa awiri, apo ayi mudzaona wina akutulutsa mavoti 15 m'thumba la jekete. Nyumba imodzi, voti imodzi. Malamulo anu anene chiwerengero chomwe chiyenera kukwana kuti chigamulo chigwire ntchito. Pa nyumba 40, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi nyumba 14. Chikapanda kukwana, imitsani msonkhano, itanani wina pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo kalata inene poyera kuti ulendo uno omwe abwere agamula.

Maminitsi atuluke pasanathe masiku 14, olembedwa zomwe zagamulidwa, mavoti angati mbali iliyonse, ndani achite chiyani ndipo pofika liti. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pepala lokhomedwa pa geti silisintha mawu panjira. Pomaliza, ikani malire a mipando, zaka ziwiri kawiri basi. Anthu akadziwa kuti a tcheyamani ndi omwewo mpaka imfa, saona chobwerera.

FUNSO: Pampu ya sola yomwe imatipopera madzi yafa. Komiti yatiuza kuti nyumba iliyonse ipereke K150,000 pasanathe mwezi, ndipo ntchito yapatsidwa kale kwa mphwake wa mmodzi wa a komiti. Ine ndimadalira penshoni. Kodi ali ndi mphamvu yotero? Tilipo nyumba 40.

YANKHO: Bambo, mphamvu ya komiti imathera pomwe malamulo a bungwe aika malire. Ngati malamulowo sakupatsa komiti mphamvu yolamula chopereka chapadera, K6 miliyoni yomwe akufunayo iyenera kuvomerezedwa ndi msonkhano wa eni nyumba onse. Pemphani msonkhano wachangu, poti madzi sadikira, ndipo komiti ibwere ndi makoteshoni atatu olembedwa, osonyeza mtundu wa pampu, mphamvu yake, kuya komwe ingakoke madzi ndi gerenti yake. Mufunsenso chomwe chapha yakaleyo. M'mbali mwa nyanja pampu zambiri zimafa ndi mchenga kapena kupopa chitsime chitaphwa. Mukagula ina osakonza sefa ndi kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika, mudzasonkhanso.

Za mphwakeyo: kukhala mbale wa wa m'komiti si mlandu, ndipo mwina ndiye mmisiri wabwino pa dera lonselo. Cholakwika n'kusaulula. Malume akewo anene ubalewo, ulembedwe m'maminitsi, atuluke panja pokambirana ndipo asavote. Mmisiri asalandire ndalama yonse ntchito isanathe. Gawo lomaliza alandire madzi atatuluka pa mpopi kwa masabata angapo.

Gwero la vuto lanu ndi loti bungwe linalibe thumba la zokonzakonza. Tiyerekeze kuti pampu ya K6 miliyoni imakhala zaka 8. Imeneyo ndi miyezi 96, kutanthauza K62,500 pamwezi, kapena pafupifupi K1,600 pa nyumba iliyonse. Ndalama imeneyo munthu wa penshoni angaipirire. K150,000 ya mwezi umodzi ndiyo imamugwetsa m'katapila. Chitani masamu omwewo pa thanki, mapanelo, geti ndi makalavati a msewu, muike ndalamayo mu akaunti yakeyake yopatsa chiwongoladzanja, ndipo muziwerengeranso chaka chilichonse. Zipangizo zimenezi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake sinadikire penshoni ya munthu. Omwe ali pafupi ndi gombe awonjezere za madzi osefukira. Nyanja itakwera mu 2024 inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'boma lino.

Kunja anaphunzira izi movutika. Ku Surfside, m'chigawo cha Florida ku America, nyumba yosanja inagwa pa 24 Juni 2021 n'kupha anthu 98. Injiniya anali atachenjeza mu 2018 za konkire yowonongeka, koma kukonza kunachedwa uku eni nyumba akukokanakokana pa mtengo wake. Ku South Africa lamulo limakakamiza mabungwe a eni mafulati kukhala ndi thumba lapadera ndi pulani ya zokonza ya zaka 10. Inu simufunika kudikira Nyumba ya Malamulo. Lembani ndime yotero m'malamulo anu.

Pa za panopa, pemphani msonkhano uvomereze kulipira pang'onopang'ono, mwachitsanzo K25,000 kwa miyezi 6, omwe angathe kupereka yonse atsogole kuti ntchito iyambe.

FUNSO: Amuna anga anamwalira chaka chatha. Ndimapereka mwezi uliwonse, koma pa chisankho anandiuza kuti sindingavote chifukwa puloti ili m'dzina la malemu. Alamu anga ndiwo anaitanidwa.

YANKHO: Pepani ndi zovutazo, mayi. Bungwe lomwe likulandira ndalama yanu n'kukukanizani voti likudzitsutsa lokha, ndipo komiti si khoti loti ligamule mwini chuma cha masiye. Lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lemberani mlembi kalata yopempha kuti dzina lanu lilowe m'kaundula ngati woimira nyumbayo, muphatikize kope la chikalata cha imfa ndi malisiti anu onse. Yambaninso kulondola makalata oyendetsera chuma cha malemu. Ofesi ya DC idzakuuzani poyambira, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza omwe sangakwanitse loya. Alamu anuwo akayamba kulankhula zogulitsa nyumba kapena kukutulutsani, pitani ku Victim Support Unit ya polisi tsiku lomwelo, mutatenga mapepala a puloti.