Musangowerenga mitu, funsani kuti wosankha ndani

Achimwene, nkhani yanu yoti mbali iliyonse ikhale ndi anthu angati mu komiti ya anthu a ku Britain ndi a ku China yoyang'anira thumba la ndalama yandiwawa mumtima, ine ndinaona nazo zakuda. Kungowerengana kuti awa angati, awo angati, n'kutaya nthawi. Funsani kuti amasankha anthuwo ndani, nanga ali ndi mphamvu yochotsa munthu ndani.

Kwathu linali thumba lomangira sukulu, ndalama zochokera ku kabungwe kena ka ku Britain ndi kampani ina ya Matchaina. Iwo anaika anthu awo, ine ndinali mlembi wochokera m'mudzi. Ndapita kubanki kukatapa ndalama za malata, mapepala onse ali mu envulopu, mtsikana wapakauntala akuyang'ana pakompyuta n'kunena mokweza, "Bambo, dzina lanu linachotsedwa pa osayinira." Anthu pamzere onse makutu tcheru. Wapampando, mzungu wa ku Britain, anasintha osayinira popanda msonkhano, ndipo Mtchaina anasayina kalata yomwe sanaimve n'komwe chifukwa womasulira anabwera ndi wapampandoyo. Amisiri m'mamawa ali pakhomo panga kufuna malipiro, mvula yayamba, makalasi alibe denga, kumsika akundiloza zala kuti ndadya ndalama za ana. Wapampando uja mpaka lero sanapepese, ndipo mnzake wa ku Chinayo anangoti sizikumukhudza!

Khalidweli ndi lakale. Britain itavomera kubwezera China ndalama za chipukuta misozi zimene China inakakamizidwa kulipira mu pangano la 1901 itatha nkhondo ya Boxer (kuukira kwa Matchaina odana ndi anthu akunja), boma la chipani cha Labour ku Britain linaika katswiri wa nzeru zakuya Bertrand Russell mu komiti yolangiza za ndalamazo mu 1924, boma litasintha anamuchotsa. Mu 1926 Lord Willingdon, nthumwi ya Britain, anazungulira China limodzi ndi ophunzira a ku China Hu Shi ndi Ding Wenjiang kumva maganizo a anthu. Bodi yoyang'anira ndalamazo ya 1931 inali ndi Matchaina 10 ndi Angerezi 5, wapampando Mtchaina Zhu Jiahua, komabe pangano linali loti zipangizo za njanji zigulidwe ku Britain. Matchaina anachuluka pamipando, ndalama zambiri n'kubwerera kumafakitale a Angerezi.

Ndiye lembani m'malamulo kuti mbali iliyonse imasankha yokha anthu ake, wina asachotse wa mnzake, womasulira alipidwe ndi thumba osati ndi munthu. Komabe musalole kuti mbali ina ichepe, limbikirani atatu uku atatu uko, ndipo cheke chisatuluke popanda siginecha ya mbali zonse ziwiri.