Aircon ya ngongole ayi: yankho langa kwa mayi wa ku Chinamwali

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuchita lendi ku Chinamwali, kuno ku Zomba, m'mphepete mwa msewu wafumbi. Akuti akatseka mawindo m'nyumba simukhalika ndi kutentha, akatsekula fumbi limangoti mbuu paliponse, ndipo mwana wawo wamng'ono wayamba kutsokomola usiku. Bambo a kunyumba akufuna kutenga ngongole ku banki nkhonde kuti agule aircon, makina oziziritsa m'nyumba. Mayiwa akufunsa ngati n'koyenera, komanso ngati mayunitsi a magetsi adzawakwanitsa.

Amayi, imelo yanuyi yandikhudza kwambiri, chifukwa moyo mukufotokozawo ndinaukhalapo. Titangolowa m'banja tinkakhala ku Matawale, m'nyumba ya zipinda ziwiri yopanda siling'i, denga lake lofupika moti bambo akaimirira pampando ankagwira malata. Mawindo onse anayang'ana kumene dzuwa limalowera. Mwezi wa Okutobala ukafika, kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa malata aja ankayamba kulira, tha! tha! tha!, ndipo pofika masana kunali ngati wakhala pansi pa chiwaya chokazingira chimanga. Mwana wanga woyamba anabadwa nyengo imeneyo. Khosi lake ndi msana wonse zinali totupa ta thukuta, kulira kosatonthozeka. Ndinkamugoneka pamphasa pansi pa simenti, ine n'kukhala pambali kumamukupiza ndi katoni mpaka mkono kuwawa. Ndikati nditsekule chitseko kuti mulowe kamphepo, njinga yamoto imodzi kungodutsa basi, tebulo lomwe ndapukuta posachedwa layeranso. Ndiwo ndinkavindikira ndi mbale ziwiri koma mchenga unkamvekabe m'mano. Ndinapita kwa eni nyumba kukapempha siling'i. Anandiyankha mwaulemu ndithu kuti angathe kuika, koma lendi ikwera, ndipo ngati sindikufuna alipo ena ambiri amene akuifuna nyumbayo. Ndinabwerera ndikulira m'njira.

Chimene chinkandipweteka mtima n'chakuti ine ndinakulira kwa agogo anga kufupi ndi Jali, kunsi kolowera ku nyanja ya Chilwa, komwe kumatentha kuposa m'tauni muno chifukwa n'kotsika. Koma nyumba ya agogo masana munkagoneka tulo. Inali yofolera ndi udzu wochindikala, makoma a zidina, khonde kuzungulira nyumba yonse, ndipo kumadzulo kwake kunali mtengo wa mango waukulu. Pansi ankazira ndi dothi lakuda, nthawi ndi nthawi n'kuziranso, ndiye fumbi silinkabuka. Pakona panali mtsuko wovindikira ndi mbale, madzi ake ozizira bwino nthawi iliyonse. Agogo sanapite kusukulu koma zonsezi zili ndi chifukwa chake. Udzu sulola kutentha kudutsa msanga, pomwe lata lili padzuwa limatha kutentha kupitirira madigiri 60 n'kumatumiza moto wonsewo pamutu panu. Khonde limateteza khoma kuti dzuwa lisaliombe. Mtsuko umachucha timadzi pang'onopang'ono, ndipo timadzito tikamauma timachotsa kutentha kwa madzi a m'kati.

Sindikuti tibwerere ku udzu. Ndikudziwa kudontha kwake, chiswe, makoswe, mantha a moto, ndi ntchito yofolera chaka ndi chaka. Munthu amene wagulitsa mpunga kapena nandolo n'kugula malata wachita bwino ndipo ndimamuyamikira. Koma pamene tinatenga malata tinataya mthunzi, tinataya khonde, tinataya ndi mtengo womwe. Tayendani kumtunda kwa tauni yathuyi muone nyumba zakale za boma, kuchokera nthawi imene Zomba linali likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Onani nyumba ya Masongola, yomangidwa mu 1886. Makoma aatali, makonde otakasuka, mibawa ikuluikulu kuzungulira. Amene ankamanga nyumba zimenezo analibe aircon, anamanga mogwirizana ndi dzuwa la kuno. Lero munthu akagula puloti ku Chikanda kapena ku Sadzi, choyamba amadula mango kuti aotchere njerwa, kenako amadzaza puloti yonse ndi tizipinda ta lendi, kawindo kamodzi kamodzi, n'kuzungulira ndi mpanda wa njerwa wotchinga mphepo yonse. Ine ndikunena mosabisa: kumanga nyumba ya malata yopanda siling'i n'kumalandira ndalama mwezi ndi mwezi kwa banja lomwe lili ndi khanda ndi nkhanza. Ena akwiya nane, akwiye. Nyumba yotere sinathe kumangidwa.

Koma si eni nyumba okha. Pali nkhani ina imene amayi anzanga sakonda kuimva, ndipo ndinakanganapo nayo ndi apongozi anga enieni. Fumbi lambiri limene timadya silichokera kumsewu, limachokera pabwalo pathu pomwe. M'mawa uliwonse kusanache, tsache lili kwa! kwa! kwa! nyumba iliyonse, mpaka bwalo kuyera, osasiyapo ndi tsamba limodzi. Kaudzu kakangomera timakapala ndi khasu. Chaka ndi chaka dothi lapamwamba timalisesera kudzala, mpaka maziko a nyumba amaonekera, mizu ya mitengo imatsala pamtunda. Dothi losesedwa tsiku ndi tsiku limasanduka ufa, ndipo kamvuluvulu akabwera masana ufa umenewo amauthira m'nyumba mwanu. Bwalo lopanda kanthu limatenthanso kwambiri ndi dzuwa, mwana sangapondepo wopanda nsapato, ndipo mpweya wotentha umenewo ndi womwe umalowa pawindo. Tikatha kusesa timasonkhanitsa masamba n'kuyatsa moto, nthawi zina pamodzi ndi majumbo, utsi wake n'kulowa m'zifuwa za ana omwe tikuwadandaula kuti akutsokomola.

Ndikudziwa chifukwa chimene makolo athu ankasesera chonchi. Pabwalo poyera njoka ndi zinkhanira zimaonekera patali, ndipo moto wa kutchire sufika panyumba ya udzu. Zinali nzeru. Koma kapinga wodulidwa mofupika sabisa njoka, ndipo ambiri m'tauni muno tikusesa chifukwa choopa kunenedwa kuti mkazi wa nyumba iyi ndi waulesi. Ine ndinabzala kapinga pomwe ndikukhala pano, ndimathirira ndi madzi otsukuluzira zovala, masamba a mango ndimawaunjika patsinde pa nthochi kuti aole. Anthu ananena, kenako anatopa. Panopa ena mwa iwo amabwera kudzapempha mbewu ya kapingayo.

Ndikakweza maso kuyang'ana kuphiri la Zomba mu Seputembala ndi Okutobala mtima umandiwawa chimodzimodzi. Usiku mizere ya moto, masana utsi ndi phulusa la lupsa kumagwera pazovala zoyanika. Malo amene ndili mwana anali obiriwira ndi mitengo pano ndi miyala yokhayokha. Phiri limeneli ndi lomwe limatipatsa madzi a mtsinje wa Mulunguzi, ndi lomwenso limatitumizira kamphepo kozizira usiku. Amene anafika ku Kachulu mu 2018, nyanja ya Chilwa itaphwa, anaona mabwato atakhala pamatope ong'aluka ndi fumbi likuuluka pomwe asodzi ankaponya makoka. Sindinena kuti tsache la mayi mmodzi ndi lomwe linaphwetsa nyanja, koma mtima wosafuna kuona chomera chilichonse pansi ndi womwewo, pabwalo ndi kuphiri komwe.

Tiwerengere mayunitsi

Tsopano ku funso lanu, Amayi. Yuniti imodzi ya magetsi ndi mawati 1,000 akagwira ntchito kwa ola limodzi. Fani wamba yoimika pansi imadya mawati pafupifupi 50. Mukaiyatsa maola 8 usiku uliwonse, pamwezi yadya mayunitsi 12. Aircon yaing'ono ya chipinda chimodzi imadya mawati pafupifupi 1,000 injini yake ikamazungulira. Maola 8 omwewo pamwezi akhoza kufika mayunitsi 240. Tengani risiti yanu yomaliza ya mayunitsi, muone kuti yuniti imodzi munagula ndalama zingati, muchulukitse ndi 240, kenako muphatikizepo chiwongoladzanja cha ku banki nkhonde. Awonetseni bambo pepala limenelo.

Ena adzakuuzani kuti aircon siidya choncho chifukwa chipinda chikazizira injini imapuma. N'zoona, m'chipinda chotsekeka bwino chokhala ndi siling'i. M'nyumba yopanda siling'i makoma a pakati safika kudenga, mpweya wozizira umathawira kubalaza, malata akupitiriza kuthira moto, ndiye injiniyo siipuma. Pamsewu wafumbi sefa yake imatsekeka msanga, ndipo ikatsekeka imadya magetsi ambiri n'kumaziziritsa pang'ono. Musaiwalenso kuti magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo zaka zimene nyanja ya Malawi inatsika, monga 2016 ndi 2017, magetsi ankazimazima kwambiri m'chilimwe momwemu. Magetsi akazima aircon yangokhala bokosi pakhoma, ngongole ili chilili. Fani yotchaja kapena ya sola imazungulirabe. Ndiye yankho langa ndi lakuti musagule. Ngati ndalama ingapezeke, ipite kudenga.

Za fani dziwani ichi: siiziziritsa chipinda, imaziziritsa khungu la munthu poumitsa thukuta. Kuisiya ikuzungulira m'chipinda mopanda munthu ndi kutaya mayunitsi. Usiku iikeni pafupi ndi windo kuti izikoka mpweya wa panja, osati pakati pa chipinda kumangozunguza mpweya wotentha womwewo. Mapiko ake muziwapukuta. Pukutaninso kumbuyo kwa firiji mutaizimitsa, ndipo isagunde khoma. Ngati mukadali ndi mababu akale a mawati 60, sinthani ndi a LED a mawati 9, chifukwa akalewo amatenthetsa chipinda. Hotipuleti ndi mbaula masana zizikhala pakhonde. Mbaula yoyaka m'chipinda chotseka ndiye ayi, mpweya wa makala umapha anthu ali mtulo.

Nanga fumbi

Mawindo ali ndi nthawi yake. Dzuwa likangokwera tsekani a mbali ya msewu ndi a mbali imene dzuwa likuomba. Katani la m'kati limathandiza pang'ono, koma mphasa yopachika kunja kwa windo imaposa, chifukwa dzuwa silifika n'komwe pagalasi. Usiku magalimoto ndi akabaza akachepa, tsekulani mbali ziwiri zoyang'anizana, makamaka ya kuphiri. Inu a ku Chinamwali muli m'tsinde mwa phiri, ndipo mpweya wozizira umatsetsereka kuchokera kumtunda usiku. Ingoonetsetsani kuti aliyense wagona m'neti. Timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma, ambiri timatitseka ndi nyuzipepala mu Juni kukazizira n'kuiwala kuchotsa. Kayang'aneni kwanuko. Windo la kumsewu mukafuna kulitsekula masana, pachikanipo chitenje chonyowa chofinya bwino: chimagwira fumbi, mphepo yodutsapo imazizira. Zimenezi zimatheka pano mpweya uli wouma, mvula ikayamba sizithandizanso. M'nyumba musasese pouma, wazani madzi kapena ingokolopani, ndipo popukuta gwiritsani nsalu yonyowa, kuyambira pamwamba kutsika. Nsapato zizitsala pakhomo, pansi pa chitseko ikanipo chiguduli chonyowa. Kapeti ipindeni mpaka dzinja.

Za mwana musazengereze. Chifuwa chopitirira masabata awiri, kapena kupuma kolira m'chifuwa usiku, pitani naye kuchipatala akamuyeze, chifukwa ikhoza kukhala mphumu kapena matenda ena osati fumbi lokha.

Ku khoma la kumadzulo, pemphani chilolezo mubzale magalagadeya, omwe aja amagulitsa m'njira ya ku Ku Chawe. Bzalani mvula yoyamba ikagwa, muwamangire nsungwi ndi waya motalikirako pang'ono ndi khoma. Amayanga msanga kuposa mmene mtengo ungakulire, ndipo kwa munthu wa lendi amene sadziwa kuti akhalapo zaka zingati, zimenezo n'zofunika. Penti yoyera pamwamba pa malata imabweza dzuwa ndipo kusiyana kwake kumamveka m'nyumba.

Koma chachikulu ndi siling'i, ndipo apa pafunika bambo apite kwa eni nyumba, inu muwaperekeze. Musakapemphe kuti akuikireni. Kawauzeni kuti muika nokha, ndalamayo izichotsedwa pa lendi pang'onopang'ono, popeza siling'iyo idzatsala m'nyumba mwawo. Yambani ndi chipinda chogona mwana chokha. Ngati mabodi akwera mtengo, mphasa zokhomera bwino pamatabwa zimagwira ntchito, bola muzitseka mipata ya makoswe ndipo mawaya a magetsi akaone munthu wodziwa ntchitoyo. Pakati pa siling'i ndi malata pakhale potulukira mpweya mbali zonse ziwiri. Akavomera, lembani pangano papepala, musaine nonse, pakhale ndi mboni, ndipo mulembemo kuti lendi siikwera mpaka ndalama yanu yonse itabwerera.