Funsani Adokotala: C3 wa mwana wanga watsika

Funso: Mwana wanga wazaka 7 adatupa nkhope patatha masabata atatu chipolereni zilonda za mphere, ndipo mkodzo wake udali wofiirira. Kuchipatala adati C3 watsika. Kodi chitetezo chake chatha?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Ayi mayi, sichinathe. C3 ndi puloteni yopangidwa makamaka m'chiwindi, imodzi mwa mapuloteni oposa 30 othandiza chitetezo cha m'thupi, otchedwa complement. M'magazi a munthu wathanzi imakhala pakati pa 90 ndi 180 mg pa desilita, ngakhale malabotale amasiyanako pang'ono.

Ili ndi zingwe ziwiri, alpha ndi beta, ndipo mkati mwa alpha mwabisala mfundo yotchedwa thioester, yotcheredwa ngati diwa. Bakiteriya akalowa m'thupi, enzaimu ya C3 convertase imadula C3 pawiri. Kachidutswa kakang'ono, C3a, kamaitana maselo oyera a m'magazi. Chachikulucho, C3b, chimatseguka ndipo thioester ija imakakamira pakhoma la bakiteriya, kuti maselo oyera amuzindikire n'kumumeza. Ikasowa pokakamira nthawi yomweyo, madzi amaifoola, n'chifukwa chake siifika patali. Maselo athu amatetezedwanso ndi mapuloteni ena otchedwa Factor H ndi Factor I, omwe amazimitsa C3b ikatera molakwika.

Mwa mwana wanu, zikuoneka kuti bakiteriya wa streptococcus adalowera pazilonda zija. Nkhondo yolimbana naye idakathera m'timasefa ta impso, komwe C3 akuunjikana n'kutupitsa minofu. Kutsika kwake m'magazi ndiye kuti akugwiritsidwa ntchito mofulumira kuposa momwe chiwindi chikumupangira. Musataye ndalama pa mankhwala "okweza chitetezo", palibe omwe angamukweze.

Chofunika ndi kuyezetsanso pakatha masabata 6 mpaka 8, nthawi yomwe C3 amabwerera mwakale mwa ana ambiri. Akakhala wotsikabe patatha masabata 12, kapena C4 (puloteni ina ya complement) nayenso akatsika, adokotala amafufuza lupus (matenda omwe chitetezo chimaukira thupi lomwe) ndi matenda ena a impso, mwinanso kutenga kachidutswa ka impso kukaunika.

Pakadali pano chepetsani mchere m'ndiwo, muzimuyezetsa BP, ndipo banja lonse lilandire mankhwala a mphere. Mwana akayamba kupuma movutikira, kumva mutu kwambiri, kukomoka kapena kukodza pang'ono zedi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.