Mabawuti otsukidwa ndi chaja ya batire akuduka okha: yankho kwa amakaniko a pa Santhe

Bambo wina wokonza galimoto pa Santhe, ku Kasungu, wanditumizira imelo. Akuti mabawuti a dzimbiri amawaviika m'ndowa ya madzi a soda, n'kuwalumikiza ku chaja ya batire, ndipo amatuluka ali mbee. Koma awiri anaduka okha patatha masiku atatu atawamanga, galimoto ili chiimire. Funso lawo ndi lakuti, ngati magetsi ndiwo abweretsa vutoli, sangalichotsenso?

Bambo, thovu lija limatumphuka pa bawuti amene mwamumangirira ku waya wa negetivu ndi mpweya wa hayidirojeni. Wambiri umauluka, koma wina umalowa m'chitsulo momwemo, poti tizidutswa take n'tating'onoting'ono. Mukamanga bawuti, umakasonkhana pomwe chitsulo chakokeka kwambiri, makamaka pansi pa mutu, ndipo kamng'alu kamayenda mwakachetechete mpaka thyo! Tayang'anani poduka paja. Bawutiyo sanapindike, sanatalike, wangosweka ngati mbale yadothi. Asidi wa batire amachitanso zomwezi.

Magetsi amatha kuukoka hayidirojeniyu ndithu. M'malabotale amaika chitsulo mbali ya pozitivu, ndipo hayidirojeni wofika pamwamba pa chitsulocho amachoka. Akatswiri a sayansi awiri, Devanathan ndi Stachurski, anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi mu 1962 poyeza mmene mpweyawu umadutsira m'chitsulo. Koma kumeneko mphamvu ya magetsi amaiyeza mosamala kwambiri. Ndi chaja yanu, chonde musatembenuze mawaya. Mwaona nokha mmene chitsulo cha ku pozitivu chimadyekera m'ndowamo, ndiye bawuti wanu adyeka chimodzimodzi.

Mafakitale amadalira kutentha pochotsa hayidirojeniyu. Amaika mabawuti mu uvuni pa madigiri 190 mpaka 220, pasanathe maola 4 chiwatulutsireni m'mankhwala owatsukira kapena owakutira, n'kuwasiyamo maola 8 kapena kuposa. Pa mbaula kapena pa moto wa gasi ayi, kutentha kukapyola muyeso chitsulo chimafooka. Ndipo ngati mng'alu wayamba kale, uvuni suutseka.

Werengani nambala ya pamutu pa bawuti, yosonyeza kulimba kwake. A 8.8 savuta kawirikawiri, oopsa ndi a 10.9 ndi 12.9, pamodzi ndi masipuling'i. Mu 2013, pa mlatho wa Bay Bridge ku San Francisco, mabawuti akuluakulu 32 anaduka atangomangidwa, chifukwa cha hayidirojeni yemweyu.

Ndikudziwa kuti bawuti watsopano ndi ndalama, mwinanso ulendo wa ku Boma kapena ku Lilongwe. Komabe a mabuleki, a chiwongolero ndi a mateyala, palani ndi bulashi ya waya kapena gulani ena. Otsala a m'ndowa ija amene ali pa galimoto za makasitomala, aitaneni muwasinthe sabata ino.