Kodi masiginecha angachotse meya ku Kasungu?

Mayi wina wochita geni ku Kasungu atilembera pa imelo. Akuti iwo ndi anzawo sakukhutira ndi momwe tauni ikuyendera, ndipo ayamba kusonkhetsa masiginecha kuti meya achoke. Akufunsa kuti akufunika masiginecha angati, ndipo akawatule kuti.

Mayi, yankho lake ndi lowawa. Palibe chiwerengero chomwe chingakwanire, chifukwa malamulo athu sapatsa ovota mphamvu yochotsa munthu pampando nthawi yake isanathe. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anali ndi gawo 64 lolola anthu kuchotsa phungu wawo, koma aphungu omwewo analifafaniza mu 1995 ndipo mpaka lero silinabwerere. Chinanso, meya simunamusankhe ndinu. Inu munavotera khansala wa wadi yanu pa 16 Sepitembala 2025, ndipo meya amasankhidwa m'chipinda cha khonsolo kuchokera pakati pa makhansala, kwa zaka ziwiri ndi theka. Choncho pogogoda penipeni ndi pakhomo pa makhansala ndi aphungu omwe amavota m'khonsolomo.

Musanapite patali, fufuzani kaye ngati vuto lanu lilidi la meya. Ambiri amaphonya pamenepa. Meya amatsogolera misonkhano ndi kuyimira khonsolo, koma wolamula antchito, kutolera ndalama za matikiti a pamsika ndi kutumiza galimoto yazinyalala ndi mkulu woyendetsa khonsolo, CEO, pamodzi ndi madayirekitala ake. Meya atha kuchoka lero, dzala la zinyalala n'kukhalabe pomwepo.

Masiginecha anuwo musawataye, angosintha ntchito: akhale umboni woti dandaulo si la munthu mmodzi. Pamwamba pa tsamba lililonse lembani dandaulolo m'mizere iwiri kapena itatu, kuti wina asadzanene kuti anasainitsidwa pepala loyera. Aliyense alembe dzina lonse, wadi yake ndi tsiku, osatha kulemba adinde chala. Sankhani nkhani imodzi kapena ziwiri zogwirika, monga chimbudzi chomwe chatsekedwa kuyambira mwezi wakutiwakuti pomwe tikiti mukudula tsiku ndi tsiku, ndipo sungani matikitiwo. Chikalata chodzaza ndi "atichotsere ameneyu, watikwana" amangochiponya m'kabati. Kachiperekeni ku ofesi ya CEO, kope lina kwa khansala wanu, lina ku unduna wa maboma aang'ono, ndipo kope lanu alidinde chidindo cha tsiku lomwe alandira. Popanda chidindo, mawa adzati sanachione.

Pemphaninso mwa kalata bajeti ya khonsolo, zokambirana za misonkhano ya khonsolo yonse, ndi malamulo oyendetsera misonkhanoyo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zidziwitso, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limakulolani kutero, ndipo akakana mutha kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. M'malamulo a misonkhanowo ndi momwe mudzaone momwe khansala angabweretsere mfundo yanu kuti ikambidwe. Tsiku lokambiranalo mukakhalepo ambiri, mwabata. Khansala akaona nkhope za omuvotera kumbuyo kwake amalankhula mosiyana.

Ngati pali umboni wa katangale, nkhaniyo ndi ya Anti-Corruption Bureau. Ngati ndi nkhanza kapena kunyalanyaza kwa ofesi, ndi ya Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu pa maofesi a boma. Koma chonde, musatchule munthu kuti ndi mbava pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp mulibe pepala m'manja. Mlandu woipitsa mbiri udzagwera inu nokha, osati anzanu onse osainawo. Samalaninso ndi andale obwera ndi ndalama ya sopo ndi malaya a chipani. Akangolowerera, khonsolo idzati zonsezi ndi ndale, ndipo dandaulo lanu lafa.

Mukaganiza zoyenda pamsewu kukapereka chikalatacho, lamulo la apolisi la 2010 likufuna kuti mudziwitse DC mwa kalata kukadali maola osachepera 48 ulendowo usanachitike, kope lipite kwa mkulu wa polisi ya Kasungu, ndipo mutchule njira yomwe mudutse, nthawi yake ndi amene akutsogolera.