Feteleza yemweyo, munda womwewo, koma chimanga chosiyana

Mayi ena a ku Kasungu anditumizira imelo, akuti munda ndi umodzi, mbewu imodzi, feteleza thumba lomwelo, koma kumtunda chimanga chimafota dzuwa likangoomba masiku anayi pomwe kumunsi chakudambo madzi amadikha chimanga nkumachita chikasu. Ndiye akufunsa kuti kodi anawagulitsa feteleza wachinyengo?

Mayi, wogulitsa uja musiyeni kaye, ine ndikuona kuti inu muli ndi minda iwiri mmunda umodzi.

Kumtundako ndi mchenga, ngati mmene ilili minda yambiri ya ku Kasungu ndi Mchinji. Mchenga timibulu take ntakulutakulu ndiye pakati pake pamatsala mipata, madzi amangodutsa ngati mwathira mu sefa, ndipo sapita okha, amatenganso yuriya wanu uja kupita naye pansi komwe mizu sifikako. Yuriya ali ndi naitirojeni 46 pa 100 koma amasungunuka msanga, mukathira yense kamodzi pamchenga mvula yamphamvu nkubwera basi ndalama zalowa pansi. Kumeneko thirani pang'onopang'ono, kawiri, ndipo muzikwirira.

Kumunsiko ndi dongo. Timibulu tadongo ntating'ono zedi, tosakwana 0.002 mm pomwe mchenga umafika mpaka 2 mm, ndiye timagwirana nkutseka njira ya madzi. Anthu ambiri sadziwa kuti mizu imapuma, imafuna mpweya ngati inu ndi ine, madzi akadzadza mipata yonse kwa masiku angapo mizu imabanika ndipo ngakhale chakudya chili pompo singadye, nchifukwa chake chikasu chija. Akwathu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene amalima pa makande akudziwa, chilimwe nthaka imang'ambika ming'alu yolowa dzanja, dzinja khasu limakanirira matope.

Musangokhulupirira ine ayi. Tapani dothi lakumtunda, nyowetsani pang'ono, muliumbe ngati mbamu ya nsima kenako mulipote ngati chingwe. Likamanyenyeka ndi mchenga, likapoteka osaduka ndi dongo. Kapena thirani dothi mu botolo loonekera mkati, onjezani madzi, khutchumulani bwinobwino nkuliika pansi, mchenga ukhala pansi mphindi imodzi yokha koma dongo lisiya madzi ali mbuu mpaka mawa kapena mkuja.

Palinso china chomwe ndimachikayikira mminda yathu yambiri. Chaka ndi chaka timalima mizere ndi khasu pa mlingo womwewo, nkumapondaponda mkhwawa momwemo, ndiye pansi pamapangika chigoba cholimba ngati simenti. Mvula ikagwa madzi salowa, amathamanga nkukadikha kumunsi kwanu kuja atakokolola ndi dothi labwino lomwe. Zulani phesi limodzi muone, mizu ikakhala yopindikira mmbali mmalo molowa pansi ndiye chigobacho chilipo. A bungwe la Tiyeni ku Mzuzu amaphunzitsa kuchiswa ndi piki, ntchito yake njowawa msana sindikunamizani koma simuichita chaka chilichonse. Nandolo nayenso amathandiza, muzu wake umaboola pansi.

Tsono chomwe chimandisangalatsa ine nchakuti mankhwala a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, manyowa. Pamchenga manyowa amagwira madzi ngati siponji, padongo amamasula nthaka mpweya nkumalowa. Ndiye mapesi aja musamatenthe chonde, ndikudziwa anyamata osaka mbewa sangandikonde pamenepa, koma phimbirani nawo nthaka kapena muwakwirire awolerane. Ndowe za mbuzi, zitosi za nkhuku, kompositi, zonsezo kumunda. Ngati muli ndi mtengo wa msangu mmundamo usadulidwe, umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndiye chimanga chapansi pake sichisowa dzuwa komanso chimapeza manyowa aulere.

Kumtunda muzitseka mizere kuti madzi aime alowe pansi, kumunsi kwezani mizere ndipo mutsegule kangalande madzi azituluka. Pakakhala ponyowa kwambiri osalimbana napo ndi chimanga, yesani mpunga, kapena mudikire chilimwe mupange dimba.

Mukachita zonsezi chimanga nkumakanabe, mwina nthaka yachuluka asidi, chifukwa pH, womwe ndi muyezo wa asidi mnthaka, ikatsika pansi pa 5.5 fosiforasi wa mu feteleza wokulitsa amamangika mbewu osamupeza, pamenepo pamafunika laimu. Izi ndiye za botolo sizingakuuzeni, funsani alangizi a kwanuko akuthandizeni kutumiza dothi ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze akaliyeze, ndipo lakumtunda ndi lakumunsi muliike mmapepala osiyana, musasakanize.